Ulemu ndi Ndalama pa Bwalo la Softball ku Amereka

Chaka ndi chaka, mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, mzinda wa Oklahoma City m'dziko la Amereka umalandira matimu asanu ndi atatu a atsikana a m'sukulu za ukachenjede, amene amadza kudzalimbirana chikho cha masewero otchedwa softball. Mpikisanowo usanayambe, akuluakulu a bungwe la USA Softball amatchula dzina la mtsikana mmodzi amene waposa anzake onse m'chaka chimenecho. Mwini dzinalo amalandira chikho chake, anthu nkuwomba m'manja, ndipo m'mawa mwake chithunzi chake chimakhala chili m'masamba a zamasewero.

Munthu wosadziwa mbiri ya masewerowa angayese kuti mwambowu n'chimodzimodzi ndi miyambo ina yonse yopereka mphotho. Komatu kwa zaka zambiri mtsikana wolandira ulemu umenewu ankadziwa kuti wafika pansonga, ndipo kuti kutsogolo kwake kudalibe njira yeniyeni yodyera luso lakelo. Mnyamata wopambana pa masewero a baseball akamatuluka m'koleji, matimu olemera amakhala akumudikira pakhomo ndi mapangano a ndalama zankhaninkhani. Mtsikana wa softball ankanyamula chikho chake kukachiika kwa makolo ake, iye nkuyamba kufunafuna ntchito ina. Lero m'danga lino tiona m'mene mphothozi zidayambira, anthu amene adazilandira, ndi m'mene tanthauzo lake lasinthira chilowereni ndalama m'masewero a ophunzira.

MASEWERO AKE NDI OTANI?

Softball ndi mphwake wa baseball. Masewerowa adabadwira mumzinda wa Chicago m'chaka cha 1887, pamene anyamata ena amene adasonkhana m'nyumba ya Farragut Boat Club adayamba kumenya golovesi ya ankhonya ndi mpini wa tsache. Mmodzi mwa iwo, George Hancock, adamanga golovesiyo kuti ikhale ngati mpira, nalemba malire pansi ndi choko. Dzina lakuti softball lidadza m'chaka cha 1926. Tanthauzo lake ndi mpira wofewa, koma dzinali n'lonamiza, pakuti mpira wa masiku ano ndi wolimba ndithu, ndipo amene wamenyedwa nawo saiwala msanga.

Timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi anayi pabwalo. Pabwalopo pali ngodya zinayi zotalikirana mamita 18. Woponya amaima pakati, mamita 13 kuchokera pamene paima womenya, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta wowakha. Poponya, mkono umazungulira ngati gudumu, mpira nkutulukira m'munsi cha m'chiuno. Womenya akaupeza mpirawo ndi ndodo yake amathamanga kuzungulira ngodya zija, ndipo akabwerera pamene adayambira asanatulutsidwe, timu yake yapeza chigoli chimodzi. Akaumenya mpaka kudumpha mpanda wa kumapeto kwa bwalo amazungulira ngodya zonse popanda womuletsa, ndipo kumenya kotere amati home run. Akalephera katatu pa mipira yoponyedwa bwino amatuluka, ndipo kutulutsa munthu motere amati strikeout. Omenya atatu akatuluka matimu amasinthana, mpaka atakwana magawo asanu ndi awiri.

Woponya waluso amatulutsa mpira pa liwiro la makilomita oposa 100 pa ola. Popeza mtunda wake ndi waufupi, womenya amakhala ndi nthawi yosakwana theka la sekondi kuti aone mpirawo, aganize, ndi kugwedeza ndodo. M'mwezi wa Meyi 2025, Karlyn Pickens wa ku yunivesite ya Tennessee adaponya mpira umene makina adauyeza pa mamailosi 79.4 pa ola, amene ndi makilomita pafupifupi 128. Ichi n'chifukwa chake woponya ndiye mtima wa timu, ndipo tiona kutsogoloku kuti zimenezi zimakhudza kagawidwe ka mphotho.

LAMULO LA 1972

Akazi a ku Amereka adayamba kalekale kusewera softball, makamaka m'matimu a mafakitale ndi a m'matauni, koma m'sukulu za ukachenjede malo awo adali ochepa zedi. Ndalama za masewero zinkapita kwa anyamata. Mpikisano woyamba wa makoleji, umene umatchedwa Women's College World Series, udachitikira ku Omaha m'chigawo cha Nebraska m'chaka cha 1969. Chikho chidapita ku koleji yaing'ono ya John F. Kennedy College ya m'tauni ya Wahoo, imene idabwerezanso mu 1970 ndi mu 1971. Koleji imeneyi idatsekedwa mu 1975, kotero kuti akatswiri oyambawo alibe ngakhale sukulu imene ingapachike zithunzi zawo pakhoma.

Zinthu zidatembenuka pa 23 Juni 1972, pamene mtsogoleri wa dzikolo, a Richard Nixon, adasaina lamulo la maphunziro lokhala ndi ndime yotchedwa Title IX. Ndimeyo imati sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma isasale munthu pa zochitika zake chifukwa chakuti ndi wamkazi kapena wamwamuna. Mwa aphungu amene adalimbikira lamuloli padali Mayi Patsy Mink a ku Hawaii, Mayi Edith Green ndi a Birch Bayh. M'ndimemo mulibe liwu lonena za masewero, komabe popeza masewero ndi mbali imodzi ya zochitika za sukulu, makoleji adakakamizika kutsegula matimu a atsikana ndi kuwalipirira maphunziro monga ankachitira ndi anyamata. Ambiri sadachite zimenezi mokondwa, ndipo padali milandu ndi kukokanakokana kwa zaka zambiri. Koma lamulolo lisanabwere atsikana osewera m'matimu a makoleji adalipo pafupifupi 30,000, pamene patatha zaka 50 adapitirira 200,000.

M'chaka cha 1982 bungwe la NCAA, limene limayendetsa masewero a makoleji, lidayamba kuchititsa mpikisano wa softball, ndipo chikho choyamba chidapita ku yunivesite ya UCLA ya ku Los Angeles. Kuyambira mu 1990 ndime yotsiriza idakhazikika ku Oklahoma City, kupatula chaka cha 1996 chokha. Matimu 64 ndiwo amalowa mumpikisanowo, nkumapululana mpaka atatsala asanu ndi atatu aja, amene amakasewera pa bwalo lolowa anthu 13,000.

MPHOTHO ZAKE NDI KASANKHIDWE KAKE

Mphotho yakale mwa zonse idayamba m'chaka cha 1976, patangotha zaka zinayi chikhazikitsireni lamulo lija. Poyamba inkatchedwa Broderick Award potengera dzina la a Thomas Broderick, mwini kampani ya zovala za masewero, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kampani ya galimoto ya Honda idayamba kuilipirira, dzina nkusanduka Honda Sports Award. Imaperekedwa kwa mtsikana wopambana pa uliwonse mwa mitundu 12 ya masewero, ndipo ovota ake ndi oyendetsa zamasewero m'makoleji oposa 1,000. Mwa opambana 12 amenewa amasankhaponso mmodzi woti alandire chikho chachikulu cha Honda Cup, ndipo apa amayang'ananso maphunziro, utsogoleri ndi ntchito zothandiza anthu. Pofika mu 2025 chikho chachikuluchi chidali chitagwera kwa osewera softball kasanu: Lisa Fernandez mu 1993, Natasha Watley mu 2003, Keilani Ricketts mu 2013, ndi Rachel Garcia mu 2019 ndi mu 2021. Ndalama zimene kampaniyo imapereka pamodzi ndi mphothozi zimapita kusukulu ya wopambanayo.

Lisa Fernandez, amene bambo ake adachokera ku Cuba ndipo mayi ake ku Puerto Rico, ndiye adatsegula khomo limeneli. Pa zaka zinayi zimene adaponyera timu ya UCLA, kuyambira 1990 mpaka 1993, adapambana masewero 93 nagonja asanu ndi awiri okha. M'chaka cha 1992 adapambana masewero 29 osagonjako ngakhale kamodzi. M'chaka chake chotsiriza adatsogola dziko lonse pa zinthu ziwiri zimene sizikhalira pamodzi mwa munthu mmodzi, ndizo kumenya ndi kuponya. Mphotho ya Honda ya softball adailandira zaka zitatu zotsatizana.

Mphotho yachiwiri, imene tidayamba nayo nkhani ino, ndi ya bungwe la USA Softball, ndipo idayamba m'chaka cha 2002. Nyengo ya masewero isanatsegulidwe, bungwelo limatulutsa mayina 50 a atsikana oyenera kuwayang'anitsitsa. Masewero ali m'kati mayinawo amatsika kufika pa 25, kenaka khumi, kenaka atatu, ndipo potsiriza limatsala limodzi. Mtsikana amene sadali pa mndandanda woyamba akhoza kulowamo ngati ntchito zake zamuonetsa. Woyamba kuilandira adali Stacey Nuveman wa ku UCLA, wowakha amene adatuluka m'koleji atamenya ma home run 90. M'chaka cha 2020 mphothoyi sidaperekedwe, pakuti mliri wa Covid-19 udadula nyengo ya masewero pakati.

Palinso bungwe la aphunzitsi a matimu lotchedwa National Fastpitch Coaches Association, limene chaka chilichonse limasankha atsikana opambana pa malo alionse a pabwalo ndi kuwapatsa ulemu wa All-American. Limalemekezanso wowakha wopambana, wothamanga wopambana ndi wophunzira wa chaka choyamba amene wachita bwino koposa. Mphotho zimenezi sizimveka kutali, koma n'zimene zimafika kwa anthu ambiri.

OPONYA NDI OMENYA

Tikawerenga mndandanda wa bungwe la USA Softball tipeza chinthu choonekeratu. Mwa mphotho 23 zimene zidaperekedwa kuyambira 2002 mpaka 2025, mphotho 17 zidapita kwa oponya. Chifukwa chake chagona pa kaponyedwe kaja. Pa baseball, mwamuna amene waponya masewero athunthu amapumula masiku anayi kapena kuposerapo, chifukwa kuponyera pamwamba pa phewa kumapweteka mkono. Pa softball mkono umazungulira m'munsi, ndipo aphunzitsi akhala akukhulupirira kuti mtsikana mmodzi akhoza kuponya lero, mawa ndi mkuja. Motero woponya mmodzi amatha kusenza timu yonse. Cat Osterman wa ku yunivesite ya Texas adalandira mphothoyi katatu, mu 2003, 2005 ndi 2006. M'chaka cha 2004 sadasewere kukoleji chifukwa adali ndi timu ya dziko imene idakatenga golide ku Athens. Monica Abbott wa ku Tennessee, amene adailandira mu 2007, adapambana masewero 189 natulutsa omenya 2,440 pa zaka zake zinayi.

Kuti womenya alande mphothoyi m'manja mwa oponya amayenera kuchita zosaoneka. Chitsanzo ndi Jocelyn Alo wa ku yunivesite ya Oklahoma, mwana wa ku Hauula pa zilumba za Hawaii. M'chaka chake chachiwiri, mu 2019, zinthu zidamuvuta kotero kuti mphunzitsi wake, Mayi Patty Gasso, adamuchotsa m'timu kwa kanthawi kuti akapumule ndi kukhala ngati wophunzira wamba. Atabwerera adali munthu wina. Kumayambiriro kwa 2022 adafika pa ma home run 95, kufanana ndi Lauren Chamberlain amene adali patsogolo pa onse. Apa oponya a matimu ena adayamba kumuponyera mipira kutali mwadala, pakuti lamulo limati mipira inayi yolakwika imapereka ngodya yoyamba yaulere, ndipo iwo adaona kuti kuli bwino kutaya ngodya imodzi kusiyana ndi kulembedwa m'mbiri ya mnzawo. Adadikira masewero angapo, ndipo home run ya 96 idadza pa 11 Malichi 2022 ku Honolulu, kwawo kwenikweni, abale ake akuonerera. Adatsiriza ndi 122, ndipo mphotho ya dziko adailandira mu 2021 ndi mu 2022.

Komabe chikho cha munthu mmodzi sichinena zonse. M'chaka cha 2023 timu ya Oklahoma idapambana masewero 61 nigonja kamodzi kokha, koma mphotho idapita kwa Valerie Cagle wa ku Clemson, chifukwa m'timu ya Oklahoma akatswiri adachuluka ndipo katundu ankagawana. Kuonjezera apo, dzina la wopambana limalengezedwa mpikisano wa ku Oklahoma City usanayambe, kotero kuti zochitika za m'masiku amene dziko lonse likuonerera siziwerengedwa. Izi zidaoneka mu 2021 pa Odicci Alexander, woponya wa yunivesite ya James Madison ya ku Virginia, amene adaleredwa ndi agogo ake m'tauni yaing'ono. Timu yake sidali pakati pa matimu 16 amene adaikidwa patsogolo, koma tsiku loyamba adagonjetsa Oklahoma, timu yoopedwa koposa, ndipo m'mawa mwake adagonjetsa Oklahoma State. Mphamvu zitamuthera m'ndime yachiwiri kwa yotsiriza, mphunzitsi wake adamutulutsa, ndipo bwalo lonse, pamodzi ndi otsatira timu imene inkamugonjetsayo, lidaimirira kumuwombera m'manja iye akulira. Dzina lake pa mndandanda wa USA Softball palibe. Owakha nawonso, amene amanjuta masewero onse kulandira mipira ya oponya otchukawo, sadaionenso mphothoyi kuchokera pa Nuveman mpaka 2025. Nkhwangwa imakhulupirira mpini, koma potamanda anthu amatchula nkhwangwa yokha.

CHIKHO CHOPANDA KOPITA NACHO

Tsono funso lalikulu ndi lakuti, wolandira mphotho ankapita kuti? Kwa kanthawi yankho lidali masewero a Olympics. Softball idalowa m'masewerowa mu 1996, ndipo Amereka idatenga golide m'chaka chimenecho, mu 2000 ndi mu 2004, Lisa Fernandez ali m'timu maulendo onse atatu. Ku Athens mu 2004 timuyo idagoletsa zigoli 51 nigoletsedwa chimodzi chokha. Koma m'mwezi wa Julayi 2005, pa msonkhano wa ku Singapore, akuluakulu a Olympics adavota ngati softball ipitirire. Mavoti adafanana, 52 mbali iyi ndi 52 mbali inayo, ndipo popeza pankafunika oposa theka, masewerowa adachotsedwa. Ulendo wotsiriza udali wa ku Beijing mu 2008, kumene Japan idagonjetsa Amereka ndi zigoli 3 kwa 1. Softball idabwerera kamodzi ku Tokyo mu 2021, Japan nkupambananso ndi zigoli 2 kwa 0, koma ku Paris mu 2024 kudalibe.

Nkhani ya Angela Tincher wa ku Virginia Tech ikuonetsa kuchepa kwa khomo limeneli. Adayesedwa kuti alowe m'timu ya dziko yopita ku Beijing koma adasiyidwa. Pa 26 Malichi 2008 timu ya dzikoyo, imene idali itapambana masewero okonzekera 185 motsatizana, idakumana ndi koleji yake. Tincher adaponya magawo onse asanu ndi awiri popanda katswiri ndi mmodzi yemwe wofika pa ngodya yoyamba chifukwa chomenya mpira, ndipo ophunzirawo adapambana ndi chigoli 1 kwa 0. Sukulu yake idali ikadali pa chisoni cha anthu 32 amene adaphedwa ndi mfuti pasukulupo chaka chapitacho. Tincher adalandira mphotho ya dziko ya 2008, koma ku Olympics sadapite, ndipo khomo lidatsekeka kwa zaka 13.

Atsikana amene adalandira mphotho pakati pa zaka zimenezi adali ndi njira zochepa. Ku Amereka kudali ligi yotchedwa National Pro Fastpitch, koma inkasewera miyezi yochepa pachaka, ndipo osewera ambiri ankalandira madola zikwi zochepa chabe, zosakwanira kukhalira moyo. Ligiyo idatha mu 2021. Amene ankafuna malipiro enieni ankawoloka nyanja kupita ku Japan, kumene makampani akuluakulu ali ndi matimu awoawo. Monica Abbott adaponyera timu ya Toyota zaka zoposa khumi. M'chaka cha 2016 timu ina ya ku Texas, Scrap Yard Dawgs, idamulonjeza madola 1 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhaniyo idamveka dziko lonse chifukwa zotere zidali zisanaonekepo. Ena ambiri adasanduka aphunzitsi a matimu kapena oulutsa masewero pa wailesi ya kanema. Kwa mibadwo imeneyi chikho cha kukoleji chidali malipiro ake a ntchito ya kuyambira ubwana, pamodzi ndi digiri imene adaipeza popanda kulipira.

NDALAMA ZAFIKA

Kwa nthawi yaitali malamulo a NCAA ankaletsa wophunzira kulandira ndalama chifukwa cha masewero. Pa 1 Julayi 2021 chiletsocho chidamasulidwa, ndipo wophunzira adaloledwa kugulitsa dzina lake ndi chithunzi chake kwa amalonda kapena kwa magulu a anthu olemera okonda sukulu yawo. Malamulo osamukira kusukulu ina adafewetsedwanso. Zotsatira zake zidaoneka pa NiJaree Canady, woponya wa ku Topeka m'chigawo cha Kansas. Iye adafikitsa yunivesite ya Stanford ku Oklahoma City mu 2023 ndi mu 2024, nalandira mphotho ya USA Softball ya 2024. Pasanathe miyezi iwiri adalengeza kuti akusamukira ku Texas Tech, sukulu imene idali isanafikepo ku Oklahoma City. Nyuzi za kumeneko zidalemba kuti gulu la othandiza sukuluyo lotchedwa Matador Club lidamupatsa madola 1,050,024 pa chaka chimodzi, ndipo 24 ya kumapetoyo ndi nambala ya malaya ake. Zimene Abbott adalonjezedwa pa zaka zisanu ndi chimodzi ali katswiri wodziwika dziko lonse lapansi, Canady adazipeza pa chaka chimodzi akadali pasukulu.

Amene adapereka ndalamazo sadataye. M'chaka cha 2025 Canady adafikitsa Texas Tech ku Oklahoma City koyamba, ndipo kumeneko adatulutsa timu ya Oklahoma, imene idali itatenga chikho zaka zinayi zotsatizana kuyambira mu 2021. M'ndime yotsiriza, imene amasewera mpaka timu imodzi itapambana kawiri, adakumana ndi yunivesite ya Texas. Tsiku loyamba adagonja ndi zigoli 2 kwa 1, tsiku lachiwiri adapambana ndi 4 kwa 3. Kufikira pamenepo mpira uliwonse wa timu yake mumzindawo adauponya ndi iye. Tsiku lachitatu, pa 6 Juni, adakweranso pabwalo, koma m'gawo loyamba lomwe adagoletsedwa zigoli zisanu, ndipo mphunzitsi wake adamupumitsa. Texas idapambana ndi 10 kwa 4 nitenga chikho chake choyamba. Akuluakulu adati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Usiku wa tsiku lomwelo woweruza milandu wina ku California, Mayi Claudia Wilken, adavomereza mgwirizano umene udalola makoleji kulipira osewera awo mwachindunji.

Owerenga athu asafulumire kudzudzula mtsikanayu. Mabwalo amadzaza, ndipo mu 2021 anthu oonerera mpikisano wa atsikana pa wailesi ya kanema adaposa oonerera mpikisano wa baseball wa anyamata a m'makoleji. Ndalama zimenezi zidalipo kale, zinkangopita m'matumba ena, ndipo n'chilungamo kuti wokhetsa thukuta alaweko. Koma pali zinthu zitatu zoyenera kuziyang'anira. Choyamba, mphotho tsopano imakweza mtengo wa munthu, motero ovota akamaponya voti amakhala akugawanso chuma, ngakhale iwo asafune. Chachiwiri, sukulu yaing'ono ngati James Madison ikalera katswiri, sukulu zolemera zikhoza kumukopa chaka chisanathe, ndipo nkhani ngati ya Odicci Alexander zidzasowa. Chachitatu, amene walipiridwa miliyoni amavutika kunena kuti mkono watopa, ndipo mphunzitsi wake amavutikanso kumukhazika pansi. M'timu yomweyo muli wowakha ndi anzake ena amene amalandira zochepa zedi poyerekeza ndi iye, chonsecho popanda iwo palibe chigoli chimene chingaletsedwe.

Ngakhale zili choncho, mtsikana wolandira chikho masiku ano ali ndi kopita nacho. M'chaka cha 2025 idayamba ligi yatsopano yotchedwa Athletes Unlimited Softball League ndi matimu anayi, ndipo bungwe lolemera la Major League Baseball lidaikamo ndalama zake. Okonza masewero a Olympics a 2028 a ku Los Angeles adabwezeramo softball, nalengeza kuti idzaseweredwera ku Oklahoma City, pa bwalo lomwe lija la atsikana a m'makoleji. Cat Osterman adalandira mphotho yake ya 2005 kutangotsala milungu yochepa kuti akuluakulu a ku Singapore atseke khomo. Mtsikana amene adzatchulidwe kumapeto kwa Meyi 2028 adzalandira chikho chake mumzinda umene, pakadzangotha miyezi iwiri, adzagawiremo mendulo za golide.